Ngati sunamve bwino, siya mpata

Pali bodza limene lakhazikika m'tauni muno, lakuti kutaipa malipoti a sikani ya azimayi oyembekezera ndi ntchito ya zala chabe. Amalikamba eni malo ojambulira akamafuna kulipira tindalama tochepa. Amalikamba madokotala ena amene amadana ndi kufunsidwa. Choipitsitsa n'chakuti timalikambanso ife otaipa tikamathawa mlandu: "Ine ndinangolemba zimene ndinamva." Ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa. Ndimakhala ku Itawa, m'mawa uliwonse ndimakwera basi kupita m'tauni kukavala mahedifoni, ndipo bodzali ndikulikana poyera. Wotaipa amene walemba liwu la chipatala lomwe sanalimve bwino, osabwerera kukafunsa, wanamizira mwana amene sanabadwe. Wapatsanso mayi wake pepala labodza loti ayende nalo miyezi yonse yotsala.

Kwa inu amene simunalowepo m'chipinda chojambulira, zimayenda motere. Mayi amagona pabedi, wojambula amam'paka mafuta ozizira aja pamimba. Dzanja limodzi lagwira kachipangizo koyendetsa pamimbapo, lina lili pa mabatani a makina. Dzanja lachitatu lolembera alibe, choncho amalankhula. Amatchula zimene akuona, foni kapena kachojambulira mawu kamasunga, kapena amakwatula manambala pakapepala n'kutsiriza zotsalazo pakamwa. Ine ndimatenga mawuwo n'kuwasandutsa lipoti lokhala ndi chidindo.

Pepalalo likatuluka m'pulinta, ulendo wake umakhala utangoyamba. Mayi wa ku Mushili kapena ku Chipulukusu amalipinda kanayi, amalilowetsa m'khadi la sikelo, khadilo m'pulasitiki, pulasitikiyo pansi pa chikwama. Tsiku lina pakati pa usiku zowawa zikayamba, mzamba wa pa kiliniki ya m'komboni, amene sanaonepo nkhope ya wojambula uja, amalitambasula n'kusankha: mayiyu aberekere pompano, kapena tiitane ambulansi apite ku Ndola Teaching Hospital? Mzambayo sangamvetsere mawu aja, sangaone chithunzi chimene chinali pa sikirini. Chimene ali nacho m'manja ndi zilembo zanga.

Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe kamodzi mimba isanakwane milungu 24, kuti zidziwike msanga kuti mimba ili ndi milungu ingati, ngati muli mapasa, ndiponso ngati mwana ali ndi chilema. Kwa azimayi ambiri a m'makomboni athu, sikani imodziyo ndi yokhayo imene adzakwanitse. Ndalama yake yachokera pa tomato wa ku Masala kapena pa salaula. Sadzabweranso kudzajambulitsa kachiwiri kuti aone ngati loyamba lija linali lolondola. Ndiye tiuzeni, pepala lotere ndi la zala chabe?

Ife a ku Copperbelt tiyenera kumvetsa nkhaniyi kuposa ena, chifukwa makinawa anachokera kwa anthu a zitsulo. Mu 1955 dokotala wa azimayi wa ku Glasgow, Ian Donald, anatenga zotupa zochotsedwa mwa odwala n'kupita nazo ku fakitale ya Babcock & Wilcox ku Renfrew, kukaziyesa ndi makina amene ankafufuzira ming'alu m'zitsulo. Mu 1958 iye pamodzi ndi John MacVicar ndi injiniya Tom Brown anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya The Lancet, ndipo sikani ya mimba inakula kuchokera pamenepo. Funsani amalume anu amene anagwirapo mu wekishopu ya mgodi ku Nkana kapena ku Mufulira. Ngati woyesa chitsulo wanena kuti pali mng'alu, kalaliki n'kulemba kuti palibe, pansi pa mgodi pafa munthu, ndipo palibe amene angamve zoti kalalikiyo anangotaipa chabe.

Manje tiyeni tilowe m'mawu enieniwo, muone kuopsa kwake.

Mwana m'chiberekero amakhala m'madzi. Madziwo akachepa, wojambula amati oligohydramnios. Akachuluka mopitirira, amati polyhydramnios. Tchulani mawu awiriwa mothamanga, pakamwa patavala masiki, jenseti ikulira panja chifukwa malaiti apita, mumve ngati kusiyana kwake kukumveka. Koma kuchipatala ndi misewu iwiri yosiyana. Madzi ochepa amachititsa dokotala kuganizira nsupa imene yasweka mayi osazindikira, nsengwa imene yatopa kudyetsa mwana, kapena impso za mwana zimene sizikugwira ntchito, ndipo ngati masiku ayandikira angasankhe kuti mayi abereke msanga. Madzi ochuluka amamuchititsa kuyesa shuga wa mayi ndi kufufuza ngati mwana akumeza bwino. Mukasinthanitsa mawuwa, mayi wofunika kugonekedwa lero amatumizidwa kukayezetsa shuga sabata yamawa.

Pali mawu atatu oyamba mofanana. Hydronephrosis ndi kufufuma kwa impso chifukwa mkodzo sukutuluka bwino, ndipo kwa ana ambiri kukakhala kochepa kumatha kokha. Hydrocephalus ndi madzi ochuluka m'mutu. Hydrops ndi mwana wotupa madzi m'zigawo zingapo za thupi, amene moyo wake uli pachiswe. Wotaipa waulesi akamva "hydro" kenaka phokoso la chitseko, amalemba limene analizolowera. Mayi amene mwana wake ali ndi kavuto kochepa ka impso amapita kunyumba akulira kuti mwana ali ndi madzi m'mutu, achibale n'kuyamba kulozana zala kuti wam'chita ndani.

Zidule ndiye zoopsa kwambiri. IUGR ndi mwana wamoyo amene sakukula bwino, wofunika kumuyang'anira pafupipafupi. IUFD ndi mwana amene wafera m'mimba. Ena amafupikitsa imfa yomweyo kuti IUD, pamene IUD kwa anesi a zakulera ndi lupu. Pa mapasa, DCDA ndi ana amene aliyense ali ndi nsengwa yake ndi thumba lake, MCDA ndi ana ogawana nsengwa imodzi. Ogawana nsengwawa amafunika kujambulidwa milungu iwiri iliyonse kuyambira pa milungu 16, chifukwa mmodzi akhoza kumalandira magazi ochuluka mnzake akuperewera. Chilembo chimodzi chokha, D kapena M, ndi chimene chikunena ngati mayi abwerenso posachedwa kapena akhale kunyumba mtima uli m'malo.

Ndiye pali kaliwu kakang'ono kachingerezi kotsutsa, "no". Kamamezedwa mosavuta munthu akapuma kapena akatsokomola. Placenta praevia ndi nsengwa imene yakhala pansi n'kutseka khomo la chiberekero. Mayi wotere sayenera kupimidwa ndi zala kunjira yoberekera, chifukwa magazi akhoza kutuluka ngati mpopi, ndipo ngati khomo latsekekadi amabereka ndi opaleshoni. Kaliwuko kakasowa pamene kanalipo, mayi wabwinobwino amakhala ndi mantha a mpeni miyezi itatu. Kakalowa pamene panalibe, mzamba wa usiku uja amapima ndi mtima wonse, atakhulupirira pepala. Kafukufuku wa dziko lonse wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, azimayi 252 amafa ndi zovuta za uchembere, ndipo kutaya magazi ndi chimodzi mwa zimene zimapha kwambiri. Azamba akulimbana ndi nambala imeneyi usana ndi usiku. Ife tisawawonjezere ntchito ndi mapepala onama.

Manambala nawonso ali ndi misampha yake. Pachingerezi 15 ndi 50 zimamveka ngati mapasa, 13 ndi 30 chimodzimodzi. Khomo la chiberekero lotalika mamilimita 30 pakati pa mimba silidetsa nkhawa, koma la mamilimita 13 ndi chenjezo lakuti mwana angabadwe masiku asanakwane. Mimba ya 32+4 ndi milungu 32 ndi masiku 4, osati 32.4. Masentimita ndi mamilimita zimasiyana kakhumi. Makina ena anatcheredwa mwa chimereka, kuyamba mwezi kenaka tsiku, moti 03/08 pa sikirini akhoza kukhala 8 Malichi pamene inu mwawerenga 3 Ogasiti. Tsiku lobereka lasuntha miyezi isanu popanda wina kunama dala.

Kusamva bwino si chamanyazi, ndipo ndikufuna anzanga otaipa amve zimenezi. Mawuwa ndi a Chigiriki ndi Chilatini, akutchulidwa m'Chingerezi, ndi pakamwa pozolowera Chibemba, Chilamba, Chitonga kapena Chinyanja. Tonse tikudziwa mmene l ndi r zimasinthanirana pa lilime lathu, ndi mmene h amasowera. Hypoechoic, chinthu chooneka chakuda pa sikirini, ndi hyperechoic, chinthu chooneka chowala, kwa ambiri a ife zimatuluka ngati liwu limodzi. Ndola ili pafupi ndi malire a Congo ku Sakania, ndipo m'zipinda zathu mumalowanso akatswiri amene anaphunzira m'Chifalansa, ena ochokera ku India, aliyense ndi katchulidwe kake. Onjezani fani, jenseti, mwana akulira pabenchi panja ndi foni yotchipa. Aliyense amene amati amamva liwu lililonse koyamba ndi wabodza. Chamanyazi ndi kubisa kuti sunamve.

Pali njira zinayi zimene anzanga amazitcha kutsimikiza, pamene ndi kulota chabe.

Yoyamba ndi kulemba chimene chimapezeka kawirikawiri. Ana ambiri amakhala atatsogoza mutu, choncho liwu likasokonekera amalemba cephalic. Koma mayi amapita ku sikani kuti apezeke ngati iye ndi mmodzi mwa ochepa aja amene mwana watsogoza matako kapena wagona chopingasa. Wolemba zofala amabisa munthu yekhayo amene sikani inapangidwira.

Yachiwiri ndi Google. Google imakuuzani kuti liwulo lilipo ndi kalembedwe kake, ndipo pa zimenezo ndi yothandiza, monganso dikishonale ya zachipatala. Koma siinali m'chipindamo. Siingakuuzeni ngati liwulo ndi limene wojambula ananena za mayi uyu lero.

Yachitatu ndi lipoti la dzulo. Ambiri timatsegula lipoti lakale, kusintha dzina ndi manambala, zotsalazo n'kuzisiya. M'menemo muli kale mizere yakuti mtima uli ndi zipinda zinayi, impso zonse zaoneka, chingwe cha mchombo chili ndi mitsempha itatu. Ngati wojambula sanatchule impso lero, mzere umenewo ndi umboni wonama, olo mwanayo akhale wabwinobwino. Palinso kusiyana pakati pa chiwalo chimene sichinaoneke chifukwa mwana anagona moipa, ndi chiwalo chimene kulibe. Choyamba chikutanthauza kuti mayi abwerenso, chachiwiri chimasintha moyo wa banja lonse.

Yachinayi ndi imene imandikwiyitsa kwambiri: kutumiza mawu ojambulidwa pa gulu la WhatsApp kuti "anzanga, apa akuti chiyani?" M'mawumo muli dzina la mayi, zaka zake, nthawi zina ngakhale matenda amene mwamuna wake sanauzidwe. Ndola ndi yaing'ono. Wina pagulupo ndi mlamu wake. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika chitetezo chapadera, koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ulemu wamba umakana. Ndipo anthu asanu amene sanali m'chipindamo akagwirizana pa liwu, ndi anthu asanu olota pamodzi.

Kutsimikiza kwenikweni kumayenda motere. Ndimabweza mawuwo katatu, kamodzi mochedwetsa. Ndimayang'ana kapepala ka manambala ndi zithunzi zimene makina asindikiza, chifukwa miyeso ya mutu, ya mimba ndi ya fupa la ntchafu imalembedwa pamenepo. Ndimaona ngati liwu likugwirizana ndi nambala: mtima wa mwana umagunda pakati pa 110 ndi 160 pa miniti, choncho ndikamva 45 pambali pa liwu lakuti zili bwino, ndimadziwa kuti penapake pathawa 1. Ngati chikaiko chikadalipo, ndimasiya mpata woonekera, ndimalembapo miniti ndi sekondi pamene liwulo lili, ndipo pepalalo silituluka mpaka amene anagwira makina adzaze yekha. Akandiuza, ndimabwereza mokweza kuti amve chimene ndamva. Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo wachiwiriyo pano ndi mmodzi yekha, amene anaona ndi maso ake.

Ndikupatseni chitsanzo cha chifukwa chake ngakhale nzeru za wotaipa sizikwanira. Madzi a m'chiberekero amayesedwa ndi muyeso wotchedwa AFI. Ukatsika pansi pa masentimita 5 madzi achepa, ukafika cha m'ma 25 kupita m'mwamba achuluka. Tsiku lina, pamalo ena amene ndinagwirapo, m'mahedifoni munamveka ngati oligo, koma nambala inamveka 27. Ziwirizi sizingakhale m'nyumba imodzi. Mnzanga wa tebulo loyandikana, wochenjera ndithu ndipo wodziwa mawu kuposa ine, anati nkhani ndi yapafupi, 27 ndi madzi ochuluka, lemba poly tipite ku lanchi. Ndinakagogoda.

"Ba dokota, pepani mukwai, pa miniti yachiwiri apa liwu ndi nambala sizikugwirizana."

Anandiyankha m'Chibemba chosakaniza ndi Chingerezi, pamaso pa odwala, ndipo tanthauzo lake linali lakuti: "Iwe, ndiwe dokotala kapena taipisti? Pamzere pali anthu angati?"

Ndinaima pomwepo ndi pepala m'manja. Anatsegula chithunzi mokwiya, n'kupeza 2.7. Kadontho kanamezedwa polankhula. Liwu linali lolondola, nambala ndi imene inalumala. Kulemba zimene zinamveka kukanatulutsa lipoti lodzitsutsa lokha. Kukonza mwanzeru kukanatulutsa lipoti looneka bwino, logwirizana, labodza kotheratu, ndipo limenelo ndilo loopsa chifukwa palibe mzamba akanalikayikira. Ntchito yanga ndi kuona kuti pali chosokonekera. Kunena chimene chili cholondola ndi ntchito ya amene anajambula.

Ndikudziwa zimene ena mukuyankha. Mukuti dokotala ndi amene amasaina, mlandu ndi wake. Pa lamulo zikhoza kukhala choncho, chifukwa iye ndi amene ali m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia, ine mulibe. Koma tonse taonapo mmene kusainako kumachitikira: mulu wa mapepala, cholembera chikuthamanga, maso ali pa wodwala wotsatira. Munthu akamawerenga mawu ake omwe amaona zimene ankafuna kunena. Ku Alabama, ku America, mu 2008 dokotala wina analankhula m'makina kuti mayi wodwala shuga azilandira mayunitsi 8 a insulin. Mawuwo anakataipidwa ku India, pepala linabwera ndi 80, mayiyo anabayidwa mlingo umenewo ndipo anamwalira. Mu 2012 khoti linagamula chipukuta misozi cha madola 140 miliyoni. Panjira ya pepala limenelo panali anthu ambiri ophunzira, aliyense akukhulupirira kuti wina waliona kale. Ziro mmodzi anadutsa onsewo.

Mukuti nthawi palibe, mzere ndi wautali. Zoona, ndipo pano mlandu ukuchoka kwa wotaipa kupita kwa mwini malo. Ngati mumalipira munthu potengera kuchuluka kwa malipoti amene watulutsa, mwamuuza kale kuti kufunsa ndi kutaya ndalama. Ngati mumakalipira mtsikana amene wagogoda pachitseko cha dokotala, n'kuyamikira amene satsalira ndi pepala ngakhale limodzi, mukuweta olota. Kufunsa kumatenga miniti imodzi kapena ziwiri. Mayi amene wadikira kuyambira 7 koloko akhoza kudikira miniti ziwiri zina kuti atenge zoona. Mufunseni yekha ngati angakonde lachangu kapena lolondola.

Mukutinso zonsezi zatha ntchito, kompyuta ikulemba yokha mawu a munthu. Achinyamata anzanga amakonda mfundo imeneyi, ndipo mapulogalamuwo ndimawagwiritsa ntchito nanenso. Koma tamvani manambala. Mu 2018 ofufuza a ku America anafalitsa mu JAMA Network Open zimene anapeza m'malipoti 217 a madokotala olembedwa ndi pulogalamu yomva mawu. Pa mawu 100 alionse, oposa 7 anali olakwika. Wotaipa waluso atadutsamo, zolakwikazo zinatsika kufika pa 0.4 peresenti. Dokotala atasaina zinafika pa 0.3. Onani amene anachotsa zinyalala zambiri. Mu 2020 ofufuza a ku Stanford anayesa mapulogalamu a Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft, n'kupeza kuti amalakwitsa mawu pafupifupi 35 pa 100 akamalankhula Amereka akuda, pamene kwa azungu ndi 19. Amenewo ndi anthu obadwira m'Chingerezi. Nanga wojambula wa ku Chifubu? Mu 2024 atolankhani a Associated Press analemba kuti pulogalamu ya Whisper ya kampani ya OpenAI, imene zipatala zina zinayamba kugwiritsa ntchito, nthawi zina imapeka ziganizo zathunthu zimene palibe anazinena. Pulogalamu yotere ili ndi khalidwe la wotaipa woipitsitsa uja: ikapanda kumva siichita manyazi, siisiya mpata, imalemba mosalala ngati ikudziwa. Kubwera kwake kukuchulukitsa kufunika kwa munthu wodziwa kukayikira.

Tsono kwa inu ojambula ndi madokotala, tikukulemekezani, ndipo tikudziwa kuti ambiri mwa inu mumagwira ntchito ya anthu atatu. Koma tithandizeni kukuthandizani. Nambala yoopsa itchuleni kawiri, kachiwiriko nambala imodziimodzi. Tchulani ngati ndi masentimita kapena mamilimita. Imfa ya mwana musaifupikitse ndi zilembo, inenereni m'mawu athunthu, ndipo mayi aimve kuchokera pakamwa panu asanaione papepala. M'malo mwa oligo ndi poly okha, onjezani kuti madzi achepa kapena achuluka. Werengani musanasaine, makamaka mzere womaliza. Ndipo wotaipa akagogoda, kumbukirani kuti akuteteza dzina lanu lomwe lili pansi pa pepalalo. Amene mumam'kalipira lero, mawa sabweranso, adzalota.

Kwa eni malo ojambulira a mu Ndola ndi mu Kitwe: musatenge mwana wa mlongo wanu amene wangomaliza Giredi 12 n'kumukhazika pa kompyuta tsiku lomwelo chifukwa amataipa mwachangu pa foni. Mupatseni milungu yokhala pambali pa wojambula, aone chimene liwu lililonse limatanthauza pa sikirini. Pachikani pakhoma mndandanda wa mawu ofanana kamvekedwe. Gulani maikolofoni yabwino, mtengo wake sufika pa sikani zingapo. Lembani lamulo lakuti lipoti lokhala ndi mpata silituluka, ndiponso kuti palibe amene adzadulidwe malipiro chifukwa chosiya mpata. Makoleji amene amaphunzitsa za makompyuta ndi ukalaliki m'matauni athu aikemo phunziro la mawu a zachipatala, chifukwa ana awo ambiri akukathera m'makiliniki.

Kwa inu owerenga, amene ambiri mwa inu muli pa msinkhu wobereka kapena woperekeza mlongo ku sikani, nanunso muli ndi mbali. Timakuonani. Funso lanu loyamba, ndipo nthawi zambiri lomaliza, ndi lakuti mwamuna kapena mkazi. Mukamva, mumajambula kachithunzi n'kuika pa status, pepala n'kulipinda osaliwerenga. Musanatuluke pachipata, onani ngati dzina ndi lanu ndipo tsiku ndi lalero. Onani ngati milungu yolembedwa ikufanana ndi imene wojambula anakuuzani pakamwa. Funsani mwana ali mmodzi kapena awiri, wagona bwanji, nsengwa ili kuti, madzi ali bwanji, ndipo mubwerenso liti. Ngati m'chipinda anakuuzani kuti zonse zili bwino koma papepala pali liwu lalitali losadziwika, bwererani mukafunse amene anakujambulani, osati wa pa risepushoni, osati ine, osatinso foni yanu. Mwalipira, ndipo thupi ndi lanu. Inu anyamata operekeza, m'malo moima panja ndi mahedifoni m'makutu, lowani mumve nawo, kuti makutu akhale anayi. Safunsa anadya phula.

Ndipo kwa anzanga a pa kiyibodi, kuyambira m'tauni mpaka ku Kansenshi, ku Parklands ndi ku Chimwemwe: palibe amene adzatilemekeze ngati ife eni tikupitiriza kunena kuti timangotaipa. Phunzirani mawuwo, gulani kabuku kolembamo liwu lililonse latsopano ndi tanthauzo lake, dziwani miyeso yoyenera kuti khutu lanu lizidzidzimuka nambala ikalumpha. Mukakalipiridwa chifukwa chofunsa, pirirani, mufunsenso mawa. Kukalipiridwa kumatha pofika madzulo, koma pepala limakhala m'chikwama mpaka tsiku lobereka. Mayi amene akulitenga pawindo sadziwa dzina lanu ndipo sadzakuthokozani. Lolemba likubwerali, liwu likakusokonezani pa miniti yachiwiri, chotsani zala pa kiyibodi, siyani mpata, nyamukani mukagogode.